Kasitima ka Khirisimasi: kuchokera ku Chipoka kufika pa Salima pa thabwa limodzi

5 Okutobala: katoni yafika

Alamu anga afika kuchokera ku Joni ndi katoni yomwe ndinawatuma: kasitima kachidole kakalekale, kopangidwa ku Italy, komwe anakapeza pa msika wa zinthu zakale. Muli mutu umodzi wa dizilo wokoka mabogi, mabogi atatu a katundu, bogi imodzi ya anthu, njanji zokhota zokwana bwalo lathunthu, njanji zowongoka 12 ndi thiransifoma yake. Ndawabwezera K85,000. Cholinga ndi chakuti pa 25 Disembala ana a Sande sukulu a kumpingo kwathu kuno ku Salima adzaone sitima ikuzungulira mudzi wa Khirisimasi. Ambiri mwa iwo amadumpha njanji popita kusukulu, koma sitima sanaikwerepo.

Kasitimaka ndi ka sikelo ya HO, ndiye kuti chilichonse chachepetsedwa ka 87. Nambalayi ndailemba pakhoma. Munthu wamtali mamita 1.7 akhala masentimita 2, chitseko cha mamita 2 chikhala mamilimita 23, mlambe wa mamita 15 ukhala masentimita 17. Pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pali mamilimita 16.5, zomwe zikuimira njanji ya ku Ulaya ya mamilimita 1,435. Yathu ya kuno ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, ndipo mu sikeloyi ikanakhala pafupifupi mamilimita 12. Zimenezo ndazisiya momwe zilili.

Zithunzi za anzathu akunja pa intaneti pafupifupi zonse ndi chipale chofewa, mitengo ya paini ndi nyumba za machumuni. Nzokongola ndithu, koma Khirisimasi yomwe ana athu amaidziwa si imeneyo. Yathu imafika mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo, mango ali mbwee pansi pa mitengo, mpunga wa nkhuku ukununkhira, makwaya akuchezera kuimba. Ndiye pathabwali padzakhala kwathu konkuno: nyanja ndi doko la Chipoka mbali imodzi, siteshoni ya Salima mbali inayo, pakati minda, mlambe ndi khola lomwe Yesu anabadwira. Thonje timalima m'boma lino ndipo ena andiuza kale kuti ndiliyale pansi likhale chipale. Ndakana, lili ndi ntchito zina.

12 Okutobala: thabwa

Pulayiwudi ya mamilimita 9, mulitali mamita 2.44 mulifupi 1.22, ndagula K52,000 pa hadiweya ina pa Kamuzu Road. Matabwa a felemu ndi miyendo K18,000, masikuluwu ndi mabauti K6,500. Kalipentala walipiritsa K15,000. Atamva kuti chinthuchi chidzapita kutchalitchi anati, "Aphunzitsi, thabwa lathunthu lokhala ndi phiri pamwamba silidzatuluka pa chitseko ichi. Tilidule pakati." Tadula zigawo ziwiri zofanana, chilichonse ndi felemu yake, zogwirana ndi mabauti atatu. Miyendo ndi ya masentimita 60 kuti ana aang'ono aziona osanyamulidwa, ndipo mwendo uliwonse waima m'kachitini ka oyilo wakuda poopa chiswe ndi nyerere.

Poyamba ndimafuna njanji yopingasana, sitima izidutsa pa mlatho pamwamba pa njanji yake yomwe. Masamu akana. Kuti pansi padutsike pafunika mpata wa masentimita 8, ndipo mutu wakale sukwera bwino chitunda choposa masentimita 3 pa mita iliyonse. Pafunika mamita 2.7 okwera ndi ena 2.7 otsika, pamene njanji yonse yomwe ndili nayo ndi yosakwana mamita 5. Choncho njanji ingozungulira pa fulati, nthaka ndiyo izikwera ndi kutsika. Ndayala styrofoam wa masentimita 5 wa m'makatoni a mafiriji, wa K6,000, njanji ikhala pamwamba pake, ndipo pomwe pali nyanja ndi mtsinje ndakumba mpaka pa pulayiwudi. Guluu wonunkha womatira nsapato amasungunula styrofoam. Ndinadonthezera pa kachidutswa, panabooka nthawi yomweyo. Woyenera ndi guluu woyera wa matabwa, lita imodzi K11,000.

19 Okutobala: sitima ikukana kuyenda

Ndalumikiza njanji, ndayatsa, mutu wangonjenjemera n'kuima. Njanjizi ndi zachitsulo wamba, osati za nickel silver zosachita dzimbiri zomwe amapanga masiku ano, ndipo zakhalitsa m'katoni mpaka kuchita dzimbiri. Magetsi amachoka m'njanji kulowa m'mawilo, ndiye kadzimbiri kakang'ono kamakwana kudula ulendo. Sandipepa wokakala musayerekeze, amakanda njanji ndipo litsiro limakhazikika mokandikamo. Ndapala ndi wosalala wa nambala 1000, kenaka kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Pomaliza ndakhwekhwerezapo pensulo m'malo angapo. Chakuda cha pensulo chimathandiza magetsi kudutsa, koma ukachulutsa mawilo amaterereka.

Itayamba kuyenda panatulukira zina ziwiri. Ikafika mbali yakutali ndi mawaya imafooka. Tizitsulo tolumikizira njanji tinali titakhwepa. Ndatifinya ndi pulayala, ndipo mnyamata wokonza mafoni pamsika wandiwotcherera mawaya ena awiri opita mbali yakutaliyo. Onetsetsani kuti waya wa chitsulo chakunja wapita ku chitsulo chakunja mbali zonse ziwiri. Chinanso, timipira ta pa mawilo oyendetsa tinauma n'kuthetheka, moti mutu umangopalasa pamodzimodzi ukakoka mabogi onse. Mnyamata yemweyo wadula timphete topyapyala pa heat shrink (kachubu kovekera mawaya komwe kamafinyika kakatenthedwa), waveka, wafunditsa pang'ono, tagwira. Zonse K3,000. M'kati mwa mutu ndamatamo manati awiri kuti ulemereko. Oyilo wa makina osokera, kadontho ka pansonga ya singano pa giya iliyonse, osapitirira apo.

26 Okutobala: kutentha

Dzuwa la Okutobala kuno timalidziwa tonse, ndipo thabwa lili m'chipinda cha malata chopanda siling'i. M'mawa sitima imazungulira bwinobwino, masana ndinapeza njanji yapindika pokhota, mabogi akugwa pamalo amodzimodzi. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo njanji zinali zogundana mutu ndi mutu. Ndazula timisomali, ndasiya mpata wolowa khadi la mayunitsi pa malo anayi olumikizira. Pansi pa njanji ndayala kamzere ka bodi yofewa ya siling'i kuti timisomali tigwire, poti mu styrofoam timangolowa n'kutuluka, ndipo sindinatikhomerere mpaka pansi.

2 Novembala: magetsi

Thiransifoma ndaiika pambali. Chingwe chake chauma ndi ukalamba, pulagi yake ndi ya mano ozungulira yosalowa m'masoketi athu, ndipo sindikufuna magetsi a 230 volts pansi pa tebulo lomwe ana adzalizungulire. Komanso magetsi akadzathima pa tsikulo zonse zathera pomwepo. Sitimayi imafuna 12 volts DC, ndiye ndagula batire ya 12 volts 7Ah pa K40,000, yomwe ndizitchaja pa sola ya pakhomo. Chochepetsera liwiro ndi dimmer ya mababu a LED yomwe achemwali andigulira ku Lilongwe K9,000, ndipo switchi ya miyendo 6 yotembenuzira kutsogolo ndi kumbuyo ndi K2,500.

Chofunika kuposa zonsezi ndi babu ya galimoto ya 21 watts, ya K1,500, yomwe ndaika pa waya wochokera ku batire kuti magetsi onse a njanji azidutsa mwa iyo. Batire siimva: bogi ikagwa n'kugunditsa zitsulo ziwiri za njanji, kapena mwana akaikapo ndalama yachitsulo, waya amapsa. Babu ikakhalapo imangoyaka ngwee, magetsi osapitirira ma amp awiri, ndipo wadziwa kuti pena pagundana. Sitima ikamayenda bwino babuyo imangofiira pang'ono kapena osayaka n'komwe. Ndayesa ndi supuni, yayaka, palibe chapsa. Chotsala ndi chakuti ikamayenda pang'onopang'ono mota imalira ndi kufunda, ndiye izipuma pakatha mphindi 20 zilizonse.

9 Novembala: phiri

Pakati pa Chipoka ndi Salima ndi chigwa, njanji silowa m'mphanga, koma ana omwe akundithandiza Loweruka akuti sitima yosabisala siyokoma. Pakona imodzi tamangapo phiri la Senga ndi mphanga pansi pake. M'kati ndi timizere ta katoni tolukana, pamwamba nyuzipepa zoviika m'phala la ufa wa kondowole. Kumbuyo kwa phiri ndasiya bowo lolowa dzanja, potulutsira bogi ikagwera mumdima. Ndisanaphimbe ndinayendetsa bogi ya anthu, yomwe ndi yaitali kuposa onse, ndipo inakhula khoma pokhota. Pakamwa pa mphanga ndakuzako masentimita awiri.

13 Novembala: phiri ladyedwa

M'mawa ndapeza mbali ya phiri itabooka, zitosi za makoswe pathabwa, mphemvu zili balala m'mphanga. Phala la chinangwa limamata bwino koma ndi chakudya. Zitini za oyilo zimaletsa zokwawa pansi zokha, khoswe amadumpha kuchokera pazenera. Ndagumula zonse zomwe zinali ndi ufa. Tamanganso ndi guluu woyera wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, nyuzipepa zitatu kusanjikiza, iliyonse iume kaye. Guluu wina K11,000, penti ya madzi ndi timabotolo ta mitundu K24,000. Pamwamba ndawaza dothi lenileni losefa guluu asanaume, koma ndayamba ndalikazinga m'chiwaya kuti mufe njere ndi mazira a tizilombo. Matanthwe ndi makala ophwanya opaka penti yotuwa, opepuka komanso ong'alukang'aluka kale. Chodyedwa chilichonse chisafikenso pathabwali. Mawere omwe ndinasunga kuti akhale mango abwerera kukhitchini.

17 Novembala: mchenga wa kunyanja

Apa mpomwe ntchito inatsala pang'ono kufera. Miyala ya pakati pa njanji ndinati ikhale mchenga wa ku Senga Bay wosefa ndi sefa ya tiyi. M'maso unakhala bwino kwambiri. Ndisanathire guluu ndinayendetsa sitima kuti ndione ngati mawilo sakuukhudza. Itazungulira kangapo inayamba kulira mokukuta, kenaka inaima, babu yotetezera ija n'kuyaka. Nditatsegula mutu ndinapeza maginito a mota atamera ndevu zakuda, tina titalowa m'magiya.

Aliyense woyenda m'mbali mwa nyanja kuno amaidziwa mizere yakuda ya mumchenga. Timiyala takudato tili ndi chitsulo. Mchenga wa ku Chipoka ndi Salima umadziwika kuti uli ndi ilmenite ndi miyala ina yolemera, ndipo tina mwa timeneti maginito amatikoka. Mota ya sitimayi imadutsa pafupi kwambiri ndi njanji, ndiye imangotola ikamapita.

Zakudazo ndachotsa ndi selotepi ndi burashi ya mano yakale, magiya ndatsuka ndi sipiriti n'kuthiranso oyilo. Mota yapulumuka. Mchenga wonse ndausesa pathabwa, ndauyala mopyapyala m'lichero n'kumayendetsa pamwamba pake maginito a sipika yakufa ya wailesi atakulungidwa m'jumbo. Jumboyo ndi yofunika: ukasolola maginito, zakuda zonse zimangogwa zokha. Ndabwereza mpaka jumbo inayamba kutuluka yoyera, kenaka ndautsuka ndi kuuyanika.

Pomata ndasakaniza guluu gawo limodzi, madzi gawo limodzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere m'malo moyandama, n'kumadontheza ndi sirinji yopanda singano. Njanji zachitsulo zikagona zonyowa mawa zadzuka ndi dzimbiri, choncho pukutani pamwamba nthawi yomweyo. Pa mipata inayi ija sindinathirepo guluu. Utauma ndapendeketsa chigawo chilichonse n'kuchigogoda kuti wosamatika ugwe, ndipo maginito adutsanso sitima isanaponde.

23 Novembala: doko

Kumpingo kwathu kuli agogo ena omwe anagwira ntchito nthawi ya Malawi Railways. Atamva za thabwali anabwera ndi ndodo yawo, anayang'anitsitsa, kenaka anati, "Mwanawe, doko lakoli lilibe njanji. Nanga katundu wa pamadzi adzakwera bwanji?" Akunena zoona, chifukwa kufunika kwa Chipoka ndi kwakuti njanji imakumana ndi nyanja. Tinacheza nthawi yaitali. Njanji yochokera kummwera inafika pa Salima mu 1935, ndipo kwa zaka zoposa 40 pano ndiye panali pothera. Wopita ku Lilongwe amatsika pano n'kupitiriza pa msewu, mpaka njanji ya ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979. Zimenezi ana adzazimve pa tsikulo, ndipo adzazimve kwa agogowo osati kwa ine.

Mapointi opatutsira sitima ndilibe, ndiye padoko ndapanga njanji yongoonetsera: machesi pansi, masipoko awiri a njinga pamwamba, otalikirana mamilimita 16.5. Bogi imodzi ya katundu yaima pamenepo, zomwe zapeputsanso katundu wa mutu. Agogo awonjezera kuti pa siteshoni pasasowe munthu wa mbendera yofiira ndi yobiriwira.

Padoko pali Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Yeniyeniyo ndi yaitali mamita 52, ndiye mu sikelo yathu ikanakhala masentimita 60, theka la chigawo chonse. Ndaisema pa thabwa lofewa masentimita 25 basi n'kuiika kumapeto, izioneka kuti ili patali. Nyanja ndi penti pa pulayiwudi: buluu woderako kutali, kubiriwirako pakati, kuyererako kugombe. Mtsinje tautcha Linthipe ndipo madzi ake ndi ofiira, monga amakhalira dzinja. Mlatho ndi nsungwi zosenda.

1 Disembala: mvula

Mvula yeniyeni yagwa ndipo thabwa lamva. Vanishi yemwe ndinapaka panyanja kunja kuli mitambo wayera mbuu chifukwa cha chinyezi. Ndadikira dzuwa, ndapala pang'ono ndi sandipepa wosalala, n'kumapaka wopyapyala kamodzi pa tsiku, dzuwa litakwera. Madzi abwerera. Gombe la styrofoam ndinali nditalimata kale guluu ndi penti, apo ayi vanishiyu akanalidya. Lita imodzi K16,000.

Chovuta kwambiri ndi polumikizira zigawo ziwiri. Matabwa afufuma mosiyana, chigawo china chakwera pafupifupi milimita imodzi, ndipo mutu ukafika pamenepo umadumpha. Ndamasula njanji ziwiri zodutsa pamalirewo kuti zikhale zochotseka, zosamatidwa, theka uku theka uko, ndipo zikumeza kusiyanako. Kunsi kwa pulayiwudi ndi felemu yonse ndapaka vanishi. Wopanga wina ayambe ndi ntchito imeneyi matabwa akadali owuma. Njanji ndikupukuta ndi sipiriti ndisanayendetse, usiku ndikufunditsa chinsalu.

8 Disembala: minda ndi mlambe

Sabata yokoma iyi. Katoni ukaisenda pepala la pamwamba mumatsala timizere. Alangizi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, zomwe mu sikelo yathu ndi mamilimita osakwana 9, ndipo timizere ta katoni tili pafupi ndi pamenepo. Tamata, tapaka guluu, tawaza dothi lokazinga, munda wapezeka. Chimanga ndi ulusi wa khonje woviika mu penti yobiriwira, wodula mamilimita 6 kuti chifike m'mawondo a munthu wathu. Udzu ndi utuchi wa kwa kalipentala, wosefa, wonyika mu penti yosungunula kwambiri. Ndapanga kubiriwira kwa mitundu itatu, poti mtundu umodzi umaoneka wabodza.

Mlambe watenga nthawi kuposa zonse, ndipo ndi womwe ndikuunyadira. M'kati ndi mawaya a kopa a m'mota ya fani yopsa, opota pamodzi, ogawanika kumwamba kukhala nthambi. Kunenepa kwa thunthu ndi utuchi wokanda ndi guluu, womata pang'onopang'ono, chifukwa ukaunjika kamodzi umang'aluka pouma. Ana amafuna ukhale wopanda masamba monga amaujambulira m'mabuku. Ndinawatuma akaone mlambe wa panjira ya kwawo, ndipo anabwerako akuseka: mwezi uno mlambe wavala masamba. Athuwa ndi siponji ya matiresi akale yonyenyanyenya, yonyika mu penti.

Nyumba ndi katoni. Madenga a udzu ndi khonje, a malata ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a tiyi lodinda pa chipeso. Mango ndi timikanda tachikasu ta K2,000. Siteshoni ili ndi chikwangwani chake cha SALIMA.

15 Disembala: anthu

Dongo lakanika, munthu wa masentimita 2 akauma amathyoka khosi. Apulumutsa ndi anyamata opanga magalimoto a mawaya. Atenga waya wopyapyala wa m'chingwe cha tchaja, apinda miyendo ndi manja, mutu kamkanda, thupi kadontho ka guluu ndi utuchi, zovala tizidutswa ta kwa telala. Chitenje cha maluwa akuluakulu sichikhala, sankhani cha timadontho.

Khola ndi la tsekera, lili pansi pa mlambe. Mariya wafunda chitenje cha buluu, Yosefe waima ndi nyali, mwana wagona modyera ziweto. Abusa akutsika phiri ndi mbuzi ndi nkhosa. Anzeru a kum'mawa akuchokeradi kum'mawa kwathu, kunyanja, atakwera makabaza atatu, mphatso zili pa keliyala. Father Christmas akupalasa bwato lodzaza mphatso kulunjika kudoko, pambali pake mvuu yatulutsa mutu itavala chisoti chofiira. Bogi imodzi yanyamula mango, ina matumba a mpunga ndi timabokosi tokulunga m'mapepala a maswiti otsuka bwino. Pa siteshoni pali kwaya ya amayi, wogulitsa mandasi, mnyamata wa kanyenya ndi munthu wa mbendera uja.

Mayi wina wa komiti ya Sande sukulu atabwera kudzaona anati, "Aphunzitsi, nzokongola, koma bwatolo ndi mvuuyo zisaphimbe mwanayo." Ndagwirizana nawo. Bwato ndalisunthira kukona, khola labwera kutsogolo pomwe diso limayambira kugwera, ndipo njira zonse za pathabwa, ya abusa, ya makabaza ndi yochokera ku siteshoni, zikukathera pamenepo. Zoseketsazo zilipo, koma zonse zili pa ulendo wopita kukhola.

Thonje lija lakhala ubweya wa nkhosa, ndevu za Father Christmas ndi mtambo wa mvula wopachika pa waya pamwamba pa phiri, kunsi kwake kopaka penti yotuwa. Chenjerani nalo, ulusi wake umakulunga m'mawilo. Chilichonse cha thonje ndachiwaza guluu wamadzimadzi kuti chisamayoyoke.

19 Disembala: nyali

Mababu a LED ndachotsa m'matochi akufa. Iliyonse ili ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) ya 1,000 ohms. Popanda imeneyo LED imapsa nthawi yomweyo pa 12 volts. Ikakhalapo babu imodzi imadya pafupifupi 9 milliamps, moti nyali 14 batire siizimva n'komwe. Mwendo wautali wa LED umapita ku positive. Waya wa nyali wachokera ku batire mwachindunji kudzera pa fyuzi, osati pa dimmer, kuopa kuti mudzi ungamathime sitima ikaima. Zonse K4,000.

Nditayatsa usiku nyumba zonse zinawala makoma ndi madenga omwe, chifukwa katoni imadutsa kuwala. Ndapaka penti yakuda m'kati, tsopano kukutulukira pa mazenera pokha. Kuyera kwa LED ya tochi kumathobwa m'maso, ndiye ndapakako maka yachikasu kuti kufanane ndi nyali ya palafini. Yoyera ndasiya imodzi, ya m'nyenyezi ya pamwamba pa khola.

23 Disembala: kusamutsa

Mlambe, Ilala ndi mtambo ndazula, zayenda m'katoni yakeyake. Zigawo ziwiri zakwera galimoto yapikapu titaziphimba pulasitiki, K20,000 kupita ndi kubwera. Pansi pa holo si pofanana, mabogi amangotsetserekera mbali imodzi. Botolo la madzi logoneka pa njanji landionetsa kotsika, ndipo ndapatsira timakatoni pansi pa miyendo. Pa dimmer ndakhomapo kasikuluwu kuti kachotembenuzira kasamafike kumapeto, popeza pa liwiro lonse mutu umagwa pokhota. Mabenchi tazunguliza patali ndi thabwa pomwe dzanja la mwana silifika.

25 Disembala

Mapemphero atatha ana amalowa khumikhumi, ndipo aliyense wayendetsa sitima kuzungulira kamodzi. Agogo anakhala pa mpando pafupi ndi siteshoni atagwira timbendera tiwiri tansalu, osalola mwana kutembenuza dimmer iwo asanakweze yobiriwira. Ana anamvera kuposa momwe amandimverera m'kalasi. Masana anabweranso anzawo a m'makomo oyandikana, ena a kumzikiti, ndipo onse anayendetsa.

Mabenchi sanathe kuletsa zala. Mafuta a mandasi anafika pa njanji ndipo sitima inayamba kudukiza, ndiye sipiriti amadutsa nthawi iliyonse mota ikupuma. Wina anaikadi ndalama yachitsulo pa njanji, babu inayaka, tinachotsa, ulendo unapitirira. Kokolera bogi ya anthu kanathyoka ndipo kalowedwa m'malo ndi waya wa pepa kilipu wopinda. Kabaza mmodzi anazuka. Anali womata pa matayala okha, pamafunika kawaya kolowa mu styrofoam. Batire inafika madzulo osatchaja.

Chomwe sindinayembekezere ndi kwaya ya pa siteshoni. Ndimayesa maso onse adzakhala pa mvuu ndi mphanga, ndipo poyamba zinali choncho, koma atsikana angapo anakhalitsa pa siteshoni akulozerana kuti mayi awo ndi ati, potengera chitenje. Zidutswazo zinachokera kwa telala yemwe amasoka za amayi a mumpingo momwemo, ndiye ena anawapezadi.

28 Disembala: ndalama ndi kusunga

Kuphatikiza zonse, ndi K5,000 ya sipiriti ndi sandipepa, zakwana K331,500 pa mitengo yomwe ndinaipeza pogula. Sitima, pulayiwudi ndi batire zadya zoposa theka. Za pamwamba pa thabwa, zomwe ana amaziyang'ana kwambiri, zambiri ndi zotola.

Mutu ndauika m'chitini chotseka pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta m'mabokosi a nsapato. Njanji ndazipukuta ndi kansalu ka oyilo pang'ono kuti zidutse dzinja, ndipo oyiloyo adzachotsedwa ndi sipiriti sitima isanayendenso. Batire izitchajidwa mwezi ndi mwezi, ikakhala yopanda moto imafa. Zigawo ziwiri ndaziimika moyang'anizana, zotalikirana ndi timatabwa kuti phiri lisakhudze nyumba, ndipo zakhala pa njerwa osatsamira khoma poopa chiswe. Chotsala ndi njanji ya padoko kuti ikhale yeniyeni, sitima izilowamo. Pakufunika pointi imodzi yakumanzere ndi njanji ziwiri zowongoka, ndipo nditayeza ndapeza kuti ndiyenera kukwirira masentimita 20 a nyanja n'kusunthira Ilala kukona.